Kabati Yowongoka pa Khoma Lokhota: Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Kuphunzira Ukalipentala wa M'nyumba

Nyumba zambiri m'matauni athu zimalowedwa zisanathe. Malata akangokhomedwa ndi zitseko zakunja kuikidwa, banja limasamuka kuthawa lendi, ndipo zotsala zimadikira tsiku limene ndalama zidzapezeke: zitseko za kuzipinda, mashelefu, makabati a kukhitchini, wodirobu. Imeneyi ndi ntchito ya kalipentala womalizitsa nyumba, ndipo eni nyumba ena, pamodzi ndi achinyamata ofuna luso lodyera, amafunsa ngati angaiphunzire. Angathe ndithu, koma poyambira pake si pamene ambiri amaganiza.

Kodi ntchito imeneyi ikusiyana bwanji ndi ukalipentala wina uliwonse?

Wokhoma denga amagwira ntchito yolemetsa komanso yofunika, koma akaphonya ndi sentimita imodzi, malata ndi siling'i zimamubisira. Wopanga mipando, mabedi ndi matebulo, monga amene timawaona m'mbali mwa msewu ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, amayamba ndi kutsiriza chinthu chake pabenchi. Makona onse amawalamulira yekha, ndipo tebulo likatha likhoza kukaima m'nyumba ya wina aliyense. Womalizitsa nyumba alibe mwayi wa awiriwa. Ntchito yake ili poyera, pamene mpata wa mamilimita 3 umaonekera munthu ali pakhomo, ndipo chimene wapanga chiyenera kukumana ndi ntchito ya anthu amene anachoka kalekale: womanga njerwa, wopaka pulasitala, wosalaza simenti ya pansi. Iwowa pantchito yawo kuphonya pang'ono n'kololedwa. Choncho luso lenileni pano silili pa kupanga bokosi lokongola. Bokosi la makona olondola munthu wakhama amalidziwa m'miyezi yochepa. Chovuta ndi kulikhazika bokosilo pakati pa makoma awiri osalingana, pa simenti yopendekera, mpaka mlendo aganize kuti nyumbayo inamangidwa kabatiyo ili kale pomwepo. Wofuna kuphunzira ayambe wamvetsa zimenezi, pakuti ndizo zimuuze zida zogula, matabwa osankha ndi ntchito yoyambira.

Kodi makoma amakhotadi choncho, kapena ndi nyumba zomangidwa mwachinyengo zokha?

Amakhota ngakhale m'nyumba zomangidwa bwino. Pulasitala amapakidwa ndi manja, ndipo amakonda kuchindikala m'makona momwe mmisiri amavutika kusalaza. Njerwa zootcha za m'mauvuni athu sizilingana kukula, kotero wopaka pulasitala amakwirira apa n'kupeputsa apo. Pansi pa khitchini nthawi zina amapendeketsa dala kuti madzi azitsetsereka. Wokayika atenge thabwa lowongoka la mamita 2, aligunditse kukhoma, aone kuwala kumene kukudutsa pakati. Kona aiyese motere: kuchokera pakonapo ayeze masentimita 60 pa khoma lina ndi 80 pa linzake, kenaka ayeze pakati pa zizindikiro ziwirizo. Kona yolondola ipereka 100 ndendende. Zipinda zambiri sizipereka 100.

Apa ndi pamene kuyeza kwa womalizitsa nyumba kumasiyana ndi kwa munthu wamba. Munthu wamba amakoka tepi kamodzi n'kulemba nambala imodzi. Mmisiri amayeza malo a wodirobu pansi, pakati ndi pamwamba, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo amapangira kabatiyo pa nambala yochepetsetsa, n'kuchotsaponso masentimita angapo a mpata woyendetsera. Amafufuzanso pamene simenti ya pansi yakwera koposa, pogwiritsa ntchito levulo yaitali kapena paipi yoonekera mkati yothiramo madzi, yomwe amisiri omanga amaidziwa bwino, chifukwa madzi a m'mapeto onse awiri amaima pa msinkhu umodzi. Kuchokera pamalo okwerawo amajambula mzere wa levulo kuzungulira chipinda, ndipo kuyambira pamenepo zonse amayezera pa mzerewo, osati pansi. Ntchito ya pensulo imeneyi imatha kudya theka la tsiku sowo isanakhudze thabwa, ndipo ophunzira ambiri amaiona ngati kutaya nthawi. Ndiyo imene imasiyanitsa kabati yokhalitsa ndi ija madilowa ake amatseguka okha.

Nanga chinthu chowongoka chimakhala bwanji pamalo okhota popanda kusiya mipata?

Pali mayesero awiri amene wophunzira ayenera kuwakana. Loyamba ndi kupanga kabati yotsata kukhota kwa khoma, mbali ina yaitali ina yaifupi. Zitseko ndi madilowa zimafuna bokosi la makona olondola, ndipo bokosi likapotoka, palibe mahinjesi amene angalipulumutse. Lachiwiri ndi kukankhira bokosi kukhoma n'kulimanga ndi masikuluwu mwamphamvu mpaka mpata utatsekeka. Mpata umatsekekadi, koma bokosi lapindika, ndipo mawa lake chitseko chimayamba kugunda chinzake.

Njira yake ndi kusiya bokosi likhale lowongoka, kenaka kupanga zidutswa zina zapadera zimene ntchito yawo ndi kumeza kukhotako. Pansi pamayamba kuikidwa tsinde, felemu yaifupi ya masentimita 10 mpaka 15 kutalika, yomwe imakhazikidwa payokha ndi kuikidwa pa levulo pochirikiza ndi tizidutswa tosongoka. Tsinde likakhala bwino, mabokosi onse oikidwa pamwamba pake amangolingana okha. M'mbali, pakati pa bokosi ndi khoma, pamalowa kathabwa kotsekera mpata. Kathabwako amakagwirizira chilili pafupi ndi khoma, n'kutenga pensulo yogonekedwa pa kachidutswa ka thabwa, n'kuiyendetsa kuchokera pamwamba kutsika, kachidutswako kakukhuza khoma. Pensulo imakopera zitunda ndi zigwa zonse za pulasitala pa kathabwako. Mmisiri amacheka motsata mzerewo, n'kusalaza ndi pulena, akupendeketsako pang'ono chakumbuyo kuti mlomo wa kutsogolo wokha ndiwo ukhudze khoma. Amayesa, amapala, amayesanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo luso limeneli lilibe chidule. Wolidziwa amaligwiritsa ntchito paliponse: pa thabwa la pamwamba pa makabati a kukhitchini, pa timatabwa tozungulira felemu ya chitseko, ndi pa skirting m'nyumba zimene zimaikidwa ya matabwa m'malo mwa ya simenti kapena matailosi. N'chifukwa chakenso kudula mapeto onse awiri pa madigiri 45 kumakhumudwitsa m'makona a mkati: kona yake si ya madigiri 90, ndiye mfundoyo imayasama. Amisiri odziwa amafikitsa thabwa loyamba kukhoma, n'kusema mapeto a lachiwiri kuti avale nkhope ya loyambalo.

Wina anganene kuti zonsezi n'zosafunika popeza pali phala lomatira mipata ndi penti. Pa mpata wa mulingo wa chikhadabo, inde, phala limathandiza ndipo palibe manyazi kuligwiritsa ntchito. Pa mpata wolowa chala, phala limauma, limang'aluka, limagwa, ndipo mphemvu zimapeza mudzi.

Kodi munthu angagwire ntchito yaudongo popanda makina odula?

Angathe, ndipo pa gawo lofunika kwambiri la ntchitoyi makina sathandiza n'komwe. Zida zoyambira ndi tepi, sikweya yolondola, levulo, sowo yamanja, pulena, matchizulo awiri kapena atatu, nyundo, zopanira, mwala wonolera, ndi dirilo yotha kuboola khoma. Pa zonsezi, mwala wonolera ndiwo umanyozedwa, chonsecho pulena yobuntha imang'amba thabwa ndipo imamuphunzitsa munthu kukankha ndi mphamvu m'malo momvetsera chimene thabwa likuchita. Sikweya ya pamsika iyesedwe isanakhulupiriridwe: jambulani mzere kuchokera m'mphepete mowongoka, itembenuzeni, jambulaninso pomwepo. Mizere ikasiyana, sikweyayo ndi yabodza ndipo idzanamiza ntchito yonse.

Pamene makina amapambana ndi pocheka mabodi akuluakulu, makamaka okutidwa ndi melamine, amene amabenthuka m'mphepete akachekedwa ndi sowo wamba. Koma wophunzira sayenera kugula makina otero. M'mizinda muli malo ogulitsa ndi ochekera mabodi kumene munthu amapita ndi mndandanda wa zidutswa zake, n'kubwera nazo zochekacheka. Luso limasamukira papepala: kulemba chidutswa chilichonse m'mamilimita, kukumbukira kuti mpeni wa makina umadya pafupifupi mamilimita 3 pa mcheko uliwonse, ndi kuyala zidutswazo pa bodi ya mamilimita 2440 kwa 1220 kuti zotaya zichepe. Amene wazolowera zida zamanja alinso ndi mwayi wina woti magetsi akazima ntchito siima.

Kodi si bwino kupanga zonse ndi matabwa enieni, monga mlombwa, kusiyana ndi mabodi a kufakitale?

Funso limeneli limafunsidwa ndi mtima wonse, chifukwa ambiri anakulira m'nyumba zokhala ndi kabati ya mlombwa kapena mbawa imene yaona zidzukulu, ndipo aonanso makabati a chipboard akufufuma chaka chisanathe. Mlombwa uyenera ulemu wakewo. Sunyala kwambiri pouma, supindika wamba, ndipo mtima wake wofiirira chiswe sichiukonda, ngakhale kuti mbali yoyera ya kunja imafumbwa msanga. Komabe pali zifukwa ziwiri zosaufunira wodirobu yonse.

Choyamba ndi khalidwe la thabwa lenileni. Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya m'dzinja n'kufufuma, ndipo m'chilimwe limachitaya n'kunyala. Kusinthaku kumachitika mulifupi, mulitali ayi. N'chifukwa chake chitseko chimene chimatsekeka bwino mu Okutobala chimakakamira mu Febuluwale. Tebulo loima palokha lili ndi danga lopumira. Mbali ya wodirobu ya masentimita 60, yolumikizidwa kuchokera ku matabwa atatu n'kupanikizidwa pakati pa makoma, ilibe kopita, ndiye imang'aluka kapena kukankha zinzake. Plywood ndi blockboard zinapangidwa kuti zithetse vuto lomweli: zigawo zake zimamatidwa mopingasana, china kuletsa chinzake kuyenda, kotero bodi yaikulu imakhala momwe inachekedwera. Amisiri akale ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake zitseko zawo zinali felemu yokhala ndi thabwa lopyapyala pakati, lolowetsedwa mu ngalande popanda guluu kuti lizitha kufufuma ndi kunyala momasuka.

Chachiwiri ndi nkhalango. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi mu 1984, unadulidwa mpaka mitengo yake ikuluikulu pafupifupi yonse inatha m'phirimo. Mu 2022, msonkhano wa mgwirizano wa CITES ku Panama unaika mitundu ya ku Africa ya banja la mlombwa ndi la mbawa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a pakati pa maiko ayenera kuyang'aniridwa. Mitengo imeneyi imatenga zaka makumi ambiri kuti ifike pochekedwa. Kuigwiritsa ntchito pa mbali za mkati mwa kabati, zimene zimangoonedwa ndi mapoto, n'kusakaza. Pamene pali nzeru ndi kupanga bokosi ndi plywood kapena blockboard, monga za paini wa ku Chikangawa zimene kampani ya Raiply imapanga, n'kusungira thabwa labwino, logulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka, malo amene maso ndi manja amafikapo: felemu ya chitseko, mlomo wa shelefu, zogwirira.

Paini wocheka nayenso ndi wabwino, bola aume. Ambiri mwa matabwa a pamsika amagulitsidwa ali aawisi, ndipo thabwa laliwisi la masentimita 30 mulifupi likhoza kunyala sentimita yathunthu pouma. Liyalidwe pamthunzi podutsa mphepo, losanjikizidwa ndi timitengo pakati, lotalikirana ndi dothi. Wopanda chida choyezera chinyezi asankhe thabwa limodzi aziliika pa sikelo sabata iliyonse. Likasiya kupepuka, ndiye kuti lauma.

N'chifukwa chiyani makabati ambiri amayamba kuonongeka kumbuyo ndi pansi pa sinki?

Chifukwa mdani wake amachokera kukhoma ndi pansi, kumene mwini nyumba sayang'ana. Pulasitala watsopano amatulutsa madzi kwa milungu yambiri, ndipo kabati yogunditsidwa ku khoma losauma imamera nkhungu, zovala n'kumanunkha chinyontho. Nyumba imene maziko ake sanayalidwe pulasitiki yotchinga chinyezi imakoka madzi kuchokera m'dothi chaka ndi chaka, ndipo chizindikiro chake ndi penti wosupuka m'munsi mwa khoma. Pamalo otero vuto la khoma liyambe lakonzedwa, ndipo kabati isiyiridwe mpata kumbuyo woti mpweya uziyenda. Chipboard ndi MDF zikamwa madzi zimafufuma osabwereranso, choncho pansi pa sinki pafunika plywood yopakidwa vanishi kapena penti mbali zonse, makamaka m'mphepete mochekedwa ndi m'mabowo a mapaipi. Chiswe chimalowera m'ming'alu ya simenti, ndipo tsinde la paini losathiridwa mankhwala ndi khomo lake lolowera. Tsindelo lipakidwe mankhwala oteteza matabwa, ndipo thabwa lotseka kutsogolo kwake likhale lochotseka kuti munthu azitha kusuzumira.

Pali miyezo imene munthu ayenera kuiloweza?

Ilipo yochepa, ndipo yonse inachokera ku thupi la munthu ndi katundu wake. Pamwamba pa makabati apansi a kukhitchini pamakhala pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi, kuya kwake 60. Makabati opachika amakhala osaya, masentimita 30 mpaka 35, kuti wophika asagunde mutu, ndipo amayambira masentimita 45 mpaka 60 pamwamba pa malo ogwirira ntchito. Wodirobu imafuna kuya kwa masentimita 60 kuti jekete la pa hang'ala lisapanidwe ndi chitseko. Mahinjesi obisika amafuna bowo la mamilimita 35, ndipo pakati pa zitseko pamasiyidwa mamilimita 2 kapena 3. Koma khitchini ya m'buku si ya kwathu. Mabuku ambiri sanaganizire za ndowa ya ufa, thumba la mpunga, poto wa pa zikondwerero kapena chidebe chosungira madzi mipopi ikauma. Yezani katundu weniweni wa m'nyumbamo musanagawe mashelefu.

Pa mashelefu pali lamulo limene limadabwitsa ophunzira. Shelefu ikatalikitsidwa kawiri, katundu ali yemweyo, kupindika kwake sikuwonjezeka kawiri koma kasanu n'katatu. Ndiye chifukwa chake shelefu ya chipboard ya mamilimita 16 imapirira pa masentimita 60 koma imagwa mimba pa mita imodzi. Mankhwala ake ndi kuika chochirikiza pakati kapena kumata kathabwa koimirira kutsogolo kwake.

Nanga kupachika kabati pa khoma la njerwa?

Msomali wokhomedwa mu pulasitala sugwira kanthu. Pafunika kuboola mpaka kulowa m'kati mwa njerwa yeniyeniyo, osati m'matope a pakati, n'kuika mapulagi ndi masikuluwu aatali. Njira yodalirika ndi kung'amba thabwa limodzi mulitali mopendeketsa pa madigiri 45, theka n'kulimanga kukhoma pa levulo, theka linalo kumbuyo kwa kabati, kuti ziwirizo zikolekane. Kulemera kumagawika pa masikuluwu ambiri, ndipo munthu sachita kunyamula kabati pamutu kwinaku akufuna bowo. Mabuloko a simenti obooka mkati amafuna mapulagi akeake. Khoma la zidina kapena la njerwa zofumbutuka lisasenzetsedwe kabati yodzaza mbale. Pamenepo kabati iime pansi, kukhoma ingomangiriridwa kuti isagwere mwana wokwera pa dilowa. Musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi, switchi ndi mpopi, pakuti mawaya ndi mapaipi amakonda kudutsa momwemo.

Kodi luso limeneli liphunziridwe kuti: kukoleji, kwa mmisiri, kapena pa intaneti?

Kuphunzitsa ukalipentala m'kalasi si kwachilendo kuno. Sukulu ya Overtoun imene Robert Laws anatsegula ku Livingstonia mu 1894 inkaphunzitsa kale ntchito za manja, ukalipentala uli momwemo. Lero bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a luso, ndipo kuli makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe ndi Mzuzu, kuphatikizapo makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Koleji imapereka zimene msika supereka: kuwerenga mapulani, kuwerengera mtengo wa ntchito, chitetezo pa makina, ndi satifiketi imene makampani omanga amafunsa. Chimene imachepekedwa ndi khoma lokhota, chifukwa zoyeserera zambiri zimathera pabenchi. Kwa mmisiri wa m'tauni zinthu zimatembenuka. Manja amaphunzira msanga, koma wophunzira amatengera zabwino ndi zoipa zomwe, kuphatikizapo chizolowezi chobisa mipata ndi utuchi wosakaniza guluu. Posankha mmisiri womutsatira, musaone katundu watsopano wonyezimira vanishi amene wayalidwa panja. Pemphani kukaona khitchini imene anaika zaka ziwiri zapitazo, mutsegule zitseko zake.

Makanema a pa YouTube amathandiza kuona mmene dzanja limayendera, koma ambiri amajambulidwa ku America, kumene makoma a nyumba ndi mafelemu a matabwa okutidwa ndi mabodi, ndipo miyezo ndi ya mainchesi. Zimene amanena za kufufuza thabwa la m'kati mwa khoma kuti mukhomepo sizikhudza nyumba ya njerwa. Tengani za kalumikizidwe ka mabokosi, musiye za kamangidwe kukhoma.

Kaya munthu wasankha njira iti, ntchito zoyambira zikhale zokumana ndi khoma. Shelefu imodzi ya m'kona ya sitolo ya m'nyumba, yokopera khoma mbali zitatu, imaphunzitsa zambiri kuposa tebulo la pabalaza. Pambuyo pake bokosi lopanda zitseko, loyesedwa poyeza kuchokera kona ina kufika yopingasana nayo mpaka miyezo iwiriyo italingana. Kenaka zitseko, kenaka madilowa. Khitchini yonse ibwere pomaliza, pakuti kumeneko madzi, moto, magetsi ndi ndalama zambiri zimakumana.

Kodi sizotchipa kungoitana mmisiri, kapena kugula kabati yopangapanga?

Pa kabati imodzi, inde, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Mukaphatikiza mtengo wa zida ndi bodi imene mudzaononge pophunzira, wodirobu yoyamba idzadula kuposa ya kwa mmisiri. Phindu limaoneka pa nyumba yonse, yomalizidwa chipinda ndi chipinda malinga ndi malipiro a mwezi, zida zili zomwezo. Ndipo ngakhale amene pamapeto pake adzaitanabe mmisiri sanataye nthawi. Mwini nyumba wodziwa kufunsa ngati matabwa auma, ngati pansi pa sinki paikidwa plywood, ndi mmene mpata wa kukhoma utsekedwere, sapusitsidwa ndi mtengo wotsika, ndipo amamvetsa chifukwa chimene mmisiri wabwino amatchulira mtengo wokwererapo. Zimenezi zimakomera amisiri aluso, amene nthawi zambiri amaluza maoda kwa anzawo othamanga.

Kabati yogula ili ndi malo ake, makamaka kwa wokhala nyumba ya lendi, chifukwa chomangidwa kukhoma chimavuta kusamuka nacho ndipo chimabutsa mkangano tsiku lotuluka. Wa lendi amene akufunabe makabati okwana bwino apange mabokosi odziimira paokha, olumikizana ndi masikuluwu popanda guluu, kuti posamuka angosiya tsinde ndi timatabwa totsekera m'mbali. Asanaboole khoma ayambe wagwirizana ndi alandilodi, ndipo zimene agwirizanazo azilembe papepala.